Zikwama Zitatu pa Benchi ya ku Strasbourg

Pamene sitima inkalowa mumzinda wa Strasbourg m'mawa umenewo, Telmo anali atabereka kale chikwama chake ndipo anali ataima pakhomo. Anzake awiri, Fausto ndi Nélia, anali akadali pampando, mutu wa mtsikanayo utatsamira phewa la mnyamatayo, ngati anthu amene dziko lonse liyenera kuwadikira.

"Tafika," anatero Telmo.

"Tamva, agogo," anayankha Fausto osatsegula n'komwe maso. "Mzinda suthawa."

Mzinda sunkathawadi, koma nthawi ndiyo inkathawa. Atatuwa ananyamuka kwawo ku Braga nyengo yotentha itangoyamba, ali ndi matikiti a sitima oyendera maiko ambiri, ndipo anapangana pangano losavuta: aliyense asankhe mzinda wake umodzi, enawo atsatire osang'ung'udza. Fausto anasankha Amsterdam. Nélia anasankha Berlin. Telmo, amene ankaphunzira kukonza mawotchi kwa amalume ake, anasankha Strasbourg chifukwa cha wotchi yaikulu ya m'tchalitchi cha pakati pa mzinda, imene zidole zake zimayenda zonse pamodzi kamodzi kokha pa tsiku, dzuwa likangodutsa paliwombo. Ulendo wonsewu anauvomera chifukwa cha wotchi imeneyo basi. Sanali munthu wokonda kugona m'tenti kapena kudya nsomba zam'chitini ataima.

Koma ku Amsterdam anakhalitsa, pakuti Fausto anaona kuti moyo kumeneko ukukoma. Ku Berlin anakhalitsanso, pakuti n'kumene Fausto ndi Nélia anayamba kuyenda atagwirana manja, Telmo akutsatira pambuyo ndi mapu. Masiku a matikiti anaphwa ngati madzi m'dambo la mwezi wa Okutobala, ndipo zimene zinatsalira mzinda wa Telmo zinali m'mawa umodzi. Madzulo a tsiku lomwelo anayenera kukwera sitima yolowera kummwera, kuti akafike kwawo ukwati wa mkulu wake wa Nélia usanachitike.

Mabokosi otsekeramo katundu pasiteshoni anali odzaza onse. Telmo anawayendera limodzi ndi limodzi, akukoka zitseko, ndipo palibe linatseguka. Tsono paulendo wotere pali lamulo limene aliyense wobereka chikwama amalidziwa: pakasowa potsekera katundu, mmodzi amatsala akulondera, enawo n'kupita kukaona mzinda, ndipo ulondawo umazungulira. Telmo analondera pamene anaima panjira ku Köln. Analonderanso ku Leipzig, chifukwa tsiku limenelo Nélia mutu unkamupweteka ndipo ankafuna mpweya. Lero linali tsiku la Fausto, ndipo onse atatu ankadziwa.

Anaunjika zikwama pabenchi ya pakona, m'holo yaikulu yodikiriramo.

"Lero ndi iwe," anatero Telmo.

"Ndikudziwa, aise, sindinaiwale. Koma taona phazi la mwanayu."

Nélia anavula nsapato n'kuonetsa chidendene. Panali tuza lophulika, lofiira.

"Ndingomuperekeza kogula mankhwala," anapitiriza Fausto. "Ndi apa pompa. Tigulenso ndi buledi, usakaone zidole zako ndi njala. Ukayasamula kawiri tabwera."

"Apite yekha."

"Ndekha?" anafunsa Nélia. "Ndi Chifalansa chiti?"

"Kuloza tuza ndi chala sikufuna Chifalansa."

"Wamumva, Fausto? Iwe Telmo, mumtima mwakomo mulibe magazi. Muli magiya okhaokha."

"Mwa iwe muli chiyani? Ku Leipzig unali mutu. Lero ndi phazi. Mawa chidzakhala chigongono."

"Basi, basi," anatero Fausto akuseka, dzanja lili paphewa la Telmo. Telmo analichotsa. "Nthawi ilipo yambirimbiri, agogo. Ukafika kutchalitchi ansembe asanamwe n'komwe khofi. Ndalumbira."

Telmo anawayang'ana akutuluka. Nélia anatsimphina mpaka pakhomo. Atadutsa khomolo anayamba kuyenda bwinobwino.

Anakhala pansi pakati pa zikwama zitatu, chake kumanja, cha Fausto kumanzere, cha Nélia kumapazi. Holoyo inali yodzaza ndi anthu osayang'anana. Asilikali ankadutsa pang'onopang'ono ndi mfuti zawo pachifuwa. Pakapita kanthawi, mawu a mayi ankamveka pa zokuzira mawu, akubwereza chinthu chimodzimodzi m'Chifalansa, kenako m'zilankhulo zina. Telmo anali atasiya kalekale kumvetsera mawu a m'masiteshoni, amene kwa iye anali ngati kulira kwa achule. Maso ake anali pa wotchi ya pakhoma, yoyera, yopanda luso lililonse, imene muvi wake unkalumpha mwamwano.

Nthawi yogulira mankhwala ndi buledi inakwana, n'kudutsa. Anaimba foni ya Fausto. Inaitana mpaka kuduka. Anaimba ya Nélia; sinayankhidwe. Kenako panabwera uthenga wa mawu amodzi: "Tikubwera." Anadikira. Anaimbanso. Uthenga wina unabwera: "Pali mzere, usatisowetse mtendere."

Anthu ofuna kuona wotchi ija amalowetsedwa m'tchalitchi nthawi isanakwane, ndipo chitseko chikatsekedwa chatsekedwa. Telmo ankadziwa zimenezi kuyambira ali ku Braga. Anaimirira, n'kukhalanso. Anayesa kunyamula zikwama zonse zitatu, china kumsana, china pachifuwa, china m'manja. Anangoyenda pang'ono, mawondo n'kukana. Cha Fausto chinali ndi nsichi za tenti ndi mabotolo amene mwini wake ankati ndi mphatso.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Telmo anaganiza za kasiteshoni ka kumudzi kwa amayi ake, kumene munthu amasiya dengu la kabichi pabenchi, kupita kukameta tsitsi, n'kubwera kudzalipeza lili pomwepo. Chimene ankaopa pano ndi akuba okha, ndipo akuba ankadziwa mowagonjetsera. Anatulutsa chingwe cha tenti n'kumanga zikwama zitatu zija pamodzi, mfundo pamwamba pa mfundo. Anatenga tcheni cha loko ya njinga chimene ankamangira katundu m'sitima, n'kuchizunguliza pamwendo wa benchi. Batire lotchajira mafoni, limene linali kutchaja nyale ya Fausto, analikankhira m'thumba la pambali. Nthambo zake zinatsala zikulendewera ndipo kagetsi kake kankaphethira. Pomaliza anafunditsa mulu wonsewo jekete lake lamvula lakuda, kuti wodutsa asaone chokopa maso. Anabwerera m'mbuyo n'kuiyang'ana ntchito yake, ndipo anakhutira nayo, pakuti anali munthu wochita zinthu mwaudongo.

Kenako anathamanga.

Za mzindawo sanaone kanthu koposa miyala ya mumsewu ndi misana ya anthu amene ankawapewa. Anafika pakhomo la pambali pa tchalitchi thukuta lili kamukamu, anagula tikiti, ndipo analowa pamodzi ndi omalizira. M'kati munali mozizira. Anadzipanikiza pakati pa alendo mpaka anapeza malo pafupi ndi chipilala, n'kukweza maso.

Wotchiyo inali patsogolo pake, yaitali ngati nyumba yosanja. Kwa zaka zambiri ankaidziwa pa zithunzi zokha, ndipo zithunzi sizinamuuze kuti munthu akaima pansi pake amachepa chotero. Anayamba kufufuza ndi maso malo amene zidole za atumwi zimatulukira.

Foni inanjenjemera m'thumba. Nambala inali yachilendo. Akanaisiya, koma inanjenjemeranso, ndipo anaiika kukhutu atabisa pakamwa ndi dzanja.

Anali mayi, akulankhula Chingerezi pang'onopang'ono ngati wolankhula ndi mwana. Anatchula dzina la Telmo lonse. Anati ndi wapolisi, ndipo nambalayi aiwerenga ndi makina oonera patali, pa kachikopa kolendewera pa chimodzi mwa zikwama zimene zasiyidwa pasiteshoni. Kodi zikwamazo ndi zake?

"Ndi zathu," ananong'ona Telmo. "Ndazimanga bwino. Palibe angabe."

Mayiyo anafotokoza, mawu ake osakwera osatsika, kuti anthu onse atulutsidwa m'holo ndipo sitima zaimitsidwa. Mulu wofunditsidwa, womangidwa ku benchi, wokhala ndi nthambo ndi kagetsi, apolisi amautenga ngati bomba mpaka mwini wake atafika yekha n'kuutsegula pamaso pawo. Akatswiri a mabomba anali atafika kale. Ngati mwini safika tsopano lino, iwo autsegula mwa njira yawo, ndipo njira yawo sisiya kanthu kali bwino.

"Ndikubwera," anatero Telmo.

Anaimba foni ya Fausto. Ulendo uno inayankhidwa.

"Aise, tatsala pang'ono, usa..."

"Thamangirani kusiteshoni. Apolisi akufuna kuphulitsa zikwama."

"Chiyani? Iwe uli kuti?"

"Kutchalitchi. Inuyo muli pafupi, si choncho? Kogula mankhwala ndi apa pompa. Thamangani. Nambala ya loko ndikuuza."

M'foni muja Telmo anamva kulira kwa injini, kuwomba kwa madzi, ndi mawu a mwamuna akufotokoza za milatho pa chokuzira mawu.

"Madzi ndikumvawo ndi a chiyani, Fausto?"

"Tamvera, amwene..."

"Ndi a chiyani?"

"Tili m'boti. Lija lozungulira mzinda. Linali pafupi kunyamuka, ndiye tinati n'kanthawi kochepa. Siliima mpaka libwerere pamene tinakwerera. Sitingatsike, Telmo, tili pakati pa mtsinje!"

Bambo wina wovala baji, wosunga bata m'tchalitchimo, anayang'ana Telmo n'kuika chala pamilomo. Telmo anatembenukira kuchipilala.

"Munkadziwa nthawi imene wotchi imayenda?"

"Iwe, zimenezo tikambirana bwino. Wasiyiranji katundu? Ndani amasiya katundu pasiteshoni? Ndiwe wamisala?"

"Ndakufunsa. Munkadziwa?"

Kunamveka kulimbana, kenako mawu a Nélia, akuthwa ndi mantha. "Telmo, m'chikwama changa muli chitupa changa. Muli nsalu ija yakumutu ya ukwati wa achemwali. Ukudziwa mmene ndinaifunira ku Berlin, unalipo. Ina ngati imeneyo kulibe. Thamanga, ndakupempha."

"Phazi lili bwanji?"

"Telmo!"

"Munkadziwa kapena simunkadziwa?"

"Tinkadziwa! Eya, tinkadziwa! Tinati ukwiya pang'ono, ugona, mawa uiwala. Nanga munthu n'kufera zimenezo? Ndi zidole, Telmo! Zidole zamatabwa zikuzungulira!"

Chitseko cha pambali chinali chisanatsekedwe kwenikweni. Mzere wa kuwala unkaonekabe pansi pake. Telmo anachiyang'ana. Ankadziwa kuti akatuluka pomwepo n'kuthamanga monga anathamangira pobwera, akhoza kufika nthawi ilipo. Ankadziwanso kuti mawa nthawi ngati ino adzakhala ali kutali kummwera, atakhala pampando wa pakati m'sitima, awiriwo akugawana malalanje pamwamba pa mawondo ake. Kunena kuti sanaganize, kapena kuti mantha anamumanga miyendo, kungakhale kumunamizira. Anaganiza bwinobwino. Anadina batani la pambali mpaka foni inazima, n'kuibwezera m'thumba.

Khamu linatonthola. Manja ambirimbiri anakwera m'mwamba ndi mafoni, ndipo Telmo anachita kuima ndi zala kuti aone pakati pa mikono. Pa wotchipo, kamngelo kanatembenuza galasi lake la mchenga loyezera nthawi. Chigoba cha imfa chinamenya belu ndi fupa. Pamwamba pake atumwi anayamba kutuluka mmodzimmodzi, aliyense akutembenukira kwa Ambuye n'kupitirira, ndipo tambala wachitsulo anakupiza mapiko n'kulira ndi mawu osasa.

Amalume ake anamuphunzitsa kuti wotchi imaonedwa ndi makutu: umvetsere pamene chitsulo chikugwira chinzake ndi pamene chikuchisiya. Telmo anayesa. Chimene ankamva ndi kugunda kwa magazi ake m'makutu, ndi mawu aja akuti zidole zamatabwa. Anakukuta mano n'kuyang'anitsitsa, mwaukali, ngati munthu amene akudya chakudya cholanda. Sanaphethire mpaka mtumwi womaliza analowa. Tambala analira komaliza, dzanja la Ambuye linadalitsa khamulo, ndipo zonse zinaima. Anthu anatsitsa mafoni n'kuyamba kufunsana kokadya.

Anatuluka akuyenda. Atafika pamlatho anayamba kuthamanga, ngakhale ankadziwa kuti kuthamanga kumeneko kunalibenso ntchito.

Bwalo la kutsogolo kwa siteshoni linali lakuda ndi anthu. Ena anakhala pa masutikesi awo padzuwa, ena ankakalipa m'mafoni. Mayi wina ankatonthoza khanda lofiira ndi kulira. Gulu la ana asukulu linakhala pansi mumzere, mphunzitsi wawo atagwira m'chiuno. Telmo anadutsa pakati pawo mpaka pa chingwe cha apolisi, n'kuuza wapolisi wamtali amene anaima pamenepo kuti zikwama zija ndi zake.

Ananena motsitsa, koma amene anali pafupi anamva, ndipo nkhani inayenda m'khamulo ngati moto wa m'tchire. Mitu inatembenuka. Bambo wina wa suti anamuyandikira n'kumulankhula mawu ambiri m'Chifalansa, akumuloza pamphuno ndi tikiti yopindika. Kumbuyo wina anaomba m'manja pang'onopang'ono, monyoza, ndipo ena anamutsatira. Wapolisiyo anakweza chingwe, anagwira Telmo pamkono mosanyengerera, n'kumulowetsa.

Holo ija, yopanda anthu, inkaoneka yaikulu kuposa m'mawa. Pakona panali madzi ponseponse. Akatswiri aja anali atang'amba muluwo ndi mfuti yawo yamadzi, ndipo zimene zinali zikwama zitatu zinali zitamwazika pansi: malaya, nsichi zopindika, magalasi a mabotolo a Fausto, mapu onyowa. Fungo la mowa linali paliponse. Tcheni chokha ndi chimene chinatsala chili bwinobwino, chitagwirabe mwendo wa benchi.

Mayi amene anaimba foni uja anali wamfupi, wa imvi zoyamba kumene. Anamuyang'ana Telmo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Munati mukubwera," anatero.



Anamukhazika m'kachipinda kopanda zenera n'kuyamba kumufunsa: dzina, kwawo, kumene akupita, chifukwa chake foni inazima. Anamuuza kuti pali chindapusa, ndiponso kuti a sitima akhoza kukhala ndi mawu awoawo. Ali pakati pa mafunso, chitseko chinatseguka ndipo wapolisi wamtali uja analowetsa Fausto ndi Nélia. Nkhope zawo zinali zitapsa ndi dzuwa la pamtsinje. Nélia anali atanyamula kanthu kotuwa, konyowa, kong'ambika pakati. Anali atakatola yekha m'holo muja. Madzi ankadontha kuchokera m'manja mwake n'kugwera pa nsapato zake.

Sanalire. Anakaika patebulo, patsogolo pa Telmo.

"Ukawauze wekha achemwali," anatero m'chilankhulo chakwawo. "Ine sindikawauza."

"Ndikawauza. Ndikayambira pa boti."

"Galu iwe," anatero Fausto. "Unazimitsa foni. Ndinaimba mpaka chala kuuma. Unaima pamenepo ukuonera tambala, katundu wathu akuphulika."

"Linali tsiku lako lolondera."

"Tsiku langa! Tamumvani! Anthu onse ali panjawa asowa sitima chifukwa cha tsiku langa? Ine ndinanama, eya, ndinanama bodza la buledi. Iwe wachita chiyani? Kuyambira ku Braga umangowerengera anthu zolakwa, nkhope ngati wamwa ndimu. Ukudziwa chifukwa chake tinkakusiya ndi zikwama? Chifukwa kuyenda ndi iwe kuli ngati kuyenda ndi maliro."

"Mukanandiuza ku Köln. Ndikanakwera sitima ina."

"Tinkakumvera chisoni," anatero Nélia. "Ndani wina akanakutenga?"

Mawu amenewo anamulasa Telmo kuposa chipongwe cha Fausto, ndipo anaona kuti Nélia wadziwa kuti amulasa. Anafuna kuwauza kuti wotchi ija waiona, yonse, ndipo palibe chimene angamulande. Anatsegula pakamwa, koma atafufuza m'mutu mwake kuti apeze chimodzi chokha chokongola choti awaponyere kumaso, anapeza mikono ya anthu ndi mafoni, ndi tambala wosasa mawu. Anatseka pakamwa.

Kunja, zokuzira mawu zinayambanso kulankhula, ndipo phokoso la mapazi linadzaza holo; anthu anali ataloledwa kulowa. Sitima yawo yakummwera inali pakati pa zoyamba kunyamuka. Palibe mwa atatuwo anaitchula.

Mayi wapolisi uja, amene sanamve liwu ndi limodzi lomwe la zimene ankakanganazo, anadikira mpaka atatopa. Kenako anagogoda patebulo ndi cholembera, n'kuwayang'ana mmodzimmodzi: mnyamata wokhala pampando, ndi awiri oima kukhoma, kutali ndi iye monga mmene kachipindako kanalolera.

"Ndiyenera kudziwa ngati nkhaniyi ndi ya munthu mmodzi kapena ya gulu," anatero m'Chingerezi chake chapang'onopang'ono. "Inu atatu muli limodzi?"

Fausto anayang'ana pansi. Telmo anayang'ana nsalu yonyowa ija. Amene anayankha ndi Nélia, momveka bwino, kuti mayiyo asavutike kufunsanso.

"Ayi," anatero. "Tinangokwera sitima imodzi."